Envulopu ya Chithunzi cha Amayi Anu

Tamala, Yolamu ndi Dalitso, mutu uno ndikuulemba kachitatu. Iwiri yoyambayo sindinaing'ambe, chifukwa ine sinding'amba pepala, koma mukadzaipeza musadzaikhulupirire. M'menemo ndinkadziteteza. Za ubwana wanga ndi za sukulu ndazisiya. Ndiyambira pomwe ndinayambira ntchito, chifukwa zomwe zinachitikira amayi anu zinayamba komweko, iwo asanandidziwe n'komwe.

Chaka choyamba pa ntchito, ku Chikomeni

Ananditumiza ku kakiliniki kena ka m'dera la Chikomeni ngati kilinikala ofisa, ntchito imene anthu a kumudzi amangoitcha udokotala. Ndinafika pa lole ya feteleza ndi sutikesi imodzi. Mkulu wa pamalopo anali a Mwandila, bambo wamfupi wa mawu aakulu, amene anali atakhalitsa moti ankadziwa ngakhale mayina a agalu a odwala ake. Tinalibe magetsi, tinalibe makina oyezera makhololo, ndipo ekisireyi tinkangomva kuti ili ku boma. Munthu akabwera ndi chifuwa tinkamupatsa kabotolo kuti alavuliremo, kabotoloko n'kukwera njinga kupita ku Lundazi. Zotsatira zinkabwera patatha masabata atatu, nthawi zina osabwera n'komwe. Chaka chimenecho ndinalemba makalata asanu ndi awiri odandaula, onse ndi kaboni pansi, ndipo makope ake ndili nawo. Yankho linabwera limodzi lokha, londithokoza chifukwa cha kalata yanga.

Tsiku lina ndinakana kuyambitsa mlimi wina wa fodya mankhwala a TB chifukwa zotsatira zake zinali zisanafike. A Mwandila anandipeza pakhonde.

"A Ngulube, mukudikila chiyani?"

"Pepala, bwana."

"Pepala lidzafika munthu tamuika kale. Kuno chifuwa chikapitilila masabata atatu, munthu n'kuonda, imeneyo ndi TB. Mabuku anu aja analembela anthu a m'tauni."

Anamuyambitsa okha. Patatha miyezi iwiri mlimi uja anabwera pa njinga, atanenepa, atamangirira nkhuku kumbuyo. Nkhukuyo anapatsa a Mwandila, ine anangondipatsa moni. Sindikuwanena a Mwandila. Lamulo lawo linadzutsa anthu ambiri amene akanafa akudikira kabotolo. Koma iwo ankalitsatira chifukwa analibe china chogwira. Ine ndinalitenga n'kulisandutsa nzeru yanga.

Chaka cha khumi ndi chimodzi ndi zaka zotsatira, ku Mwase Lundazi

Atandisamutsira ku kiliniki ina m'dera la Mwase Lundazi mkulu ndinali ine, ndipo ndinali nditakwatira amayi anu, NyaZimba. Tamala unali ndi zaka zisanu ndi zitatu, Yolamu zisanu ndi chimodzi, Dalitso zinayi. Kumeneko ndinakhala mpaka kupuma. Akuluakulu oyendera makiliniki anasintha kambirimbiri, ndipo aliyense ankafika ndi fomu yatsopano koma osafika ndi magolovesi. Wina anandiuza kuti ndimalemba makalata ambiri kuposa odwala amene ndimaona. Ndinamulembera kalata yomutsutsa, nayonso ilipo. Buku langa la odwala TB linali loyera kuposa onse m'chigawocho, ndipo ndinali ndi chizolowezi chimene anzanga ankandiseka nacho: pepala lililonse lodutsa m'manja mwanga ndinkalembapo ndi cholembera chofiira kuti ndaliona, zomwe ndaganiza, tsiku, ndi dzina langa.

Zaka zonsezo amayi anu ankalima. Mtedza unali wawo, chimanga cha tonse, ndipo fodya ndi amene anakuphunzitsani sukulu. Iwo sanasutepo chibadwire. Koma m'mawa ndi madzulo anali m'khitchini ya utsi yopanda zenera, ndipo nyengo ya fodya ankatandala m'fumbi la masamba akusankha ndi kumanga. Ine amene ndinkaphunzitsa amayi a kusikelo za mpweya wabwino sindinaboolepo zenera m'khitchini ya kwathu.

Chaka cha makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, nyengo yozizira

Anayamba kutsokomola titangomaliza kukolola. Chifuwa chouma, chosatha, ndipo chitenje chinayamba kuzungulira kawiri. Ndinayeza makhololo katatu, katatu konse osapezeka TB. Nthawi imeneyi zinthu zinali zitasintha, zotsatira zinkabwera msanga, choncho sindinganamizire njinga. Ndinawatenga pa minibasi kupita ku boma kukajambula chifuwa. Wojambula anali a Mvula, mnzanga wa zaka zambiri, munthu wofatsa amene ankatafuna mtedza wokazinga tsiku lonse. Atatulutsa filimu anandiitanira mkati, amayi anu atakhala panja pabenchi. Anaiika pa nyali n'kuloza ndi chala kumtunda kwa phapo la kumanja.

"A Ngulube, kaoneni aka."

"Ndakaona. Ndi TB."

"Ine si dokotala, koma zifuwa za TB ndajambula zambili. Aka n'kozungulila ngati nsawawa, kali kokha. Makhololo akuti chiyani?"

"Makhololo amanama."

"Katatu?"

"A Mvula, inu ntchito yanu n'kudina batani. Kuwelenga chithunzi tisiyileni ife."

Anatenga rula, anayeza kachinthu kaja, analemba pa envulopu m'Chingerezi, n'kundipatsa osandiyang'ana. Analemba kuti chotupa chozungulira, sentimita imodzi ndi theka, sichikuoneka ngati TB, wodwala atumizidwe kuchipatala chachikulu. Nditafika kunyumba ndinachita mwa chizolowezi changa. Pansi pa mawu awo ndinalemba ndi chofiira kuti ndaona, ndi TB, palibe chifukwa chotumizira wodwala kwina. Ndinaika tsiku, ndinasaina, ndinaika envulopuyo m'thiranki. Mawa lake ndinawayambitsa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndinkawamwetsa ndekha m'mawa uliwonse ndi kuchonga pakhadi. Sanaphonye tsiku ndi limodzi lomwe.

Ndadzifunsa kambiri chifukwa chake. Pamitu iwiri ija ndinalemba kuti Lusaka ndi kutali ndiponso kuti kiliniki sikanatsala yopanda munthu. Zoona zake n'zakuti TB ndinkaidziwa kuchiza, ndipo dzina linalo sindinkafuna kulimva pa mkazi wanga. Komanso zinandipweteka kuti wojambula andiuze ine, pa chifuwa cha m'nyumba mwanga.

Chaka cha makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ku Lusaka

Mankhwala atatha chifuwa sichinathe. Ndinati mwina ndi chipsera chotsala. Miyezi inapita. Iwe Tamala, utabwera kudzationa kuchokera ku Lusaka kumene unkaphunzitsa, unangowaona amayi ako akupuma kawiri pakati pa chitsime ndi khomo, n'kunena kuti mawa tikukwera basi. Unandifunsa ngati anajambulidwa. Ndinayamba kukufotokozera za mavuto a makiliniki a kumidzi, nkhani imene wakhala ukuimva kwa ine chibadwire, ndipo iwe unamalizitsa wekha kuti ndiye kuti kunalibenso filimu. Sindinakutsutse.

Ku Lusaka anawajambula ndi sikani, makina oonetsa m'kati mwa thupi magawomagawo, kenaka anatapako kanyama ka chotupacho ndi singano. Inali khansa ya m'mapapo. Inali isanafalikire kwina, ndipo nditamva zimenezo ndinafunsa msanga tsiku la opaleshoni. Dokotala, mayi wa msinkhu wako Tamala, anapukusa mutu. Anali atawauzitsa mpweya m'kachubu koyezera mphamvu ya mapapo, ndipo anati mapapo onse awiri ndi ofooka ndi utsi wa zaka zambiri. Kudula mbali ya phapo kukanawasiya opanda mpweya wokwanira, mwinanso osadzuka patebulo. Anatchula njira zingapo. Ina anailemba papepala, ndipo ndilikopera monga liliri: radiofrequency ablation. Anafotokoza kuti salowa ndi mpeni. Amalowetsa singano yaitali pakati pa nthiti, akuyang'ana pa sikani, mpaka nsonga yake ifike pakati pa chotupa. Kenaka amadutsitsamo mafunde a magetsi amene amatenthetsa nsongayo, chotupa n'kupsa chili m'kati momwemo. Anati njirayi imagwira bwino chotupa chikakhala chaching'ono, chosapitirira masentimita atatu. Cha amayi anu chinali chitadutsa pang'ono pamenepo. Anati ali ndi mnzake wodziwa ntchito imeneyi m'dziko lina, amutumizira zithunzi, koma mnzakeyo adzafuna kudziwa ngati chotupacho chikukula mothamanga kapena pang'onopang'ono, chifukwa ngati chikuthamanga ulendo wopita kumeneko ungakhale wongowazunza.

"Pali chithunzi chakale chilichonse?" anafunsa dokotalayo.

"Palibe," unayankha iwe Tamala. "Kwathu kuja zinthu zimasowa."

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Amayi anu anayang'ana khoma. Anaphunzitsidwa kuyambira ku chinamwali kuti mwamuna samutsutsa pamaso pa ana kapena alendo, ndipo anasunga mwambowo ngakhale pamene unali kuwadyera moyo wawo.

Tinatuluka. Iwe unapita kukatenga mankhwala pazenera, ife tinakhala pabenchi pansi pa mtengo, dzuwa lili paliwombo. Anadikira mpaka unakhota pakona.

"Awiske Tamala," anandiitana amayi anu mwachikwathu, ndiko kuti bambo a Tamala.

"Mwati bwanji, anyina Tamala?"

"Ine ndinavula bulauzi pamaso pa a Mvula, chitsulo chozizila chili pachifuwa. Mukuganiza kuti ndaiwala?"

"Simunaiwale."

"Chithunzi chija chinatayika?"

"Ine sinditaya pepala."

"Ndikudziwa. Lisiti la njinga imene inabedwa Yolamu asanabadwe mukali nalo. Nanga pakamwa panu panamatidwa ndi chiyani muja?"

Ndinawauza. Chingerezi sankawerenga, choncho envulopu ija anaiona koma sanadziwe zolembedwapo. Ndinawauza mawu a a Mvula, ndi mawu anga ofiira pansi pake, liwu ndi liwu. Anasalaza chitenje pamaondo. Kenaka anatsokomola, n'kudikira kuti mpweya ubwerere.

"Mapilitsi aja ankandipatsa mselu, miyezi isanu ndi umodzi," anatero. "Mkodzo wofiila ngati wa munthu wolodzedwa. Ndinkamwa chifukwa munali inu."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Pitani mukatenge."

"Tamala akaona zolembazo..."

"Tamala ali ndi zaka zingati? Ine ndikufuna kukolola mtedza wanga. Manyazi anu mudzawaona pambuyo."

Sabata lomwelo, ku Mwase Lundazi

Ndinakwera basi ya ku Chipata, kenaka minibasi ya ku Lundazi. Ndikufuna mudziwe chimene ndinachita nditatsika pa boma, chifukwa pamitu iwiri ija ndinachidumpha. Ndinalowa m'sitolo ya mabuku pafupi ndi msika n'kugula envulopu yaikulu yatsopano. Maganizo anga anali akuti dzina ndi tsiku zili pakona pa filimu, dokotala akufuna filimu, ndipo palibe amene wapempha envulopu. Filimu ikanalowa m'nyumba yatsopano, ine n'kunena kuti ndinangoiiwala m'thiranki.

Ndinafika kunyumba masana. Ndinatsegula thiranki, ndinapeza envulopu yakale ija pamalo pake, n'kuika maenvulopu awiriwo patebulo. Ndinatulutsa filimu, ndinailowetsa mu yatsopano, ndinalembapo dzina la amayi anu. Kenaka dzanja linapita lokha kukatenga cholembera chofiira kuti ndilembe zomwe ndaona. Apo m'pamene ndinaima. Ndikanalembapo chiyani? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndinakangana ndi akuluakulu amene ankafuna kuti ndikonze manambala a m'buku alendo asanafike. Namwino wina ndinamulembera kalata ya chenjezo chifukwa chofufuta tsiku pakhadi ya katemera. Ndipo apa ndinali ine, ndikufuna kusowetsa muyeso wa munthu yekhayo amene anaona zoona, pa fayilo ya mkazi wanga. Muyeso wa a Mvula unali gawo la mbiri ya wodwala. Mawu anga ofiira analinso gawo lake, chifukwa ndiwo ankafotokoza komwe chaka chathunthu chinapita. Ndinabweza filimu m'nyumba yake yakale. Sindikunena izi kuti munditame. Zinanditengera masana onse, ndipo munthu wolungama sakanagula envulopu ija poyamba pomwe.

Pobwerera ku Lusaka ndinadzera kwa a Mvula. Anali atapuma ntchito, ndinawapeza akukonza khola la nkhunda.

"Monile, a Ngulube. Amama ali uli?" anafunsa za amayi anu.

"Munalondola ndinu," ndinatero. "Ndi khansa."

Anatsika pamakwerero pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti andikumbutse za batani lija, ndipo akanachita bwino. Iwo anangoti, "Ndikanakonda ndikanalakwa ine." Anandipatsa kathumba ka mtedza wokazinga kuti ndikapatse odwala.

Tamala, ndinakupatsa envulopuyo m'khitchini mwako. Unawerenga za buluu za a Mvula, unawerenga zofiira, unabwerezanso.

"Adada, ili ndi dzanja lanu?"

"Ndi langa."

"Manje tsiku lija kwa dokotala munangokhala chete, ine n'kumanama m'malo mwanu?"

"Eya."

Sunalire, sunakuwe. Unaika envulopuyo m'chikwama, n'kunena kuti madzi osamba ali pamoto. Unanditumikira zonse monga mwana wolemekeza bambo wake, koma kwa masabata awiri sunandiyang'ane m'maso. Unali ndi chifukwa.

Kumapeto kwa chaka chomwecho, kuchipatala cha kutali

Dokotala wa kunja uja atayerekeza chithunzi chakale ndi sikani yatsopano anati chotupacho chinakula pang'onopang'ono, ndipo anavomera kuyesa. Za momwe ulendo unathekera mukuzidziwa kuposa ine, chifukwa ndinu munathamanga. Amayi anu anakwera ndege atavala juzi ziwiri ndipo anakana chakudya chonse cha m'mwamba, akuti sadziwa amene waphika.

Anawagoneka chafufumimba pa sikani, atawapatsa mankhwala ochititsa dzanzi ndi owodzeretsa. Ine anandiletsa kulowa ngakhale ndinawaonetsa khadi yanga ya ntchito. Zonse zinatha pasanathe maola awiri. Pamsana panali kabala kakang'ono kotsekedwa ndi pulasitala imodzi. Anatichenjezeratu kuti singano ikaboola phapo mpweya ungatulukire m'chifuwa phapolo n'kufwapa, ndipo zinachitikadi. Anawaika kachubu m'nthiti kwa masiku atatu. Anamva kupweteka ndi kutentha thupi, koma tsiku lachisanu ankayenda m'khonde akudandaula kuti anthu a kumeneko sapatsana moni.

Tisanachoke ndinapempha kuonana ndi dokotalayo, Tamala uli pomwepo. Ndinali nditalemba funso langa papepala kuti ndisalizembe. Ndinafunsa kuti tikanabwera nthawi ya chithunzi choyamba zikanasiyana bwanji. Anandiyang'ana, anayang'ana iwe, kenaka anajambula mabwalo awiri, laling'ono m'kati mwa lalikulu. Anati moto wa singano uli ndi malire ake. Chotupa chikakhala chaching'ono chimapsa chonse pamodzi ndi mnofu wochizungulira. Chikakula, m'mphepete mungatsale timbewu tamoyo. Anati sangalumbire kuti akanachira, chifukwa khansa imeneyi imabwerera ngakhale kwa ofika msanga, koma mwayi ukanakhala waukulu kuposa uwu. Ndinamupempha pepalalo. Anadabwa, koma anandipatsa.

Chaka chomaliza pa ntchito

Amayi anu anabwerera kunyumba, ndipo anakolola mtedza wawo. Sankatha kukumba, koma ankakhala pampando m'munda akulamula aganyu ndi kukangana nawo kuti akusiya wambiri m'nthaka. Ndinaboola zenera m'khitchini, iwo n'kunena kuti ndachedwa zaka makumi atatu ndipo mphepo ikuzimitsa moto. Anapita ku ukwati wa Dalitso n'kuvina nyimbo imodzi. Miyezi imeneyo singano ija inatipatsa, ndipo sindilola munthu kuipeputsa. Pa sikani yachitatu chotupa chinaonekanso m'mphepete mwa chipsera, ndi tina tiwiri kuphapo linalo. Anakana ulendo wina. Anamwalira kunyumba, mvula yoyamba itagwa, miyezi inayi ndisanapume ntchito.

Asanamwalire anakupempha iwe Tamala kuti usauze alongo ako za envulopu ija, ndipo wasunga mawu awo mpaka lero. Ine sanandipemphe. Ndikuganiza kuti ankadziwa kuti kwa ine kukhala chete n'kosavuta kale.

Yolamu, pa maliro unaimirira m'malo mwa ana. Unanena kuti amayi ako anaphedwa ndi kusowa kwa zipangizo m'zipatala za kumidzi, ndiponso kuti adada ako anamenyera zimenezi moyo wawo wonse ndi makalata. Anthu anang'ung'udza movomereza, ena anandigwira paphewa. Ine ndinali pampando wa kutsogolo, Tamala ali mbali inayo, ndipo ndinakulola kumaliza. Zipangizo zinasowadi zaka zambiri, ndipo za zimenezo sindibweza liwu ndi limodzi. Koma tsiku limene amayi ako anajambulidwa magetsi analipo, filimu inalipo, ndipo munthu wodziwa kuona analipo, analemba zoyenera kuchita. Amene anakana ndine. Ngati udzalankhulanso za imfa ya amayi ako pamaso pa anthu, udzanene zimenezo.